Che Lajabu ndi Kompyuta ya Magalasi Awiri

Dzulo tinadya sadaka ya Che Lajabu. Mpunga unali wokwanira, mbuzi yake inali yokalamba pang'ono, ndipo a shehe poyankhula anati malemuwa anali munthu amene pakamwa pake sipanatulukepo bodza. Nthawi imeneyo ndinkadutsa ndi beseni la madzi osamba m'manja kumene kunakhala amuna. Anyamata awiri anagundana zigongono, wina n'kunong'ona kuti, "Chobadwa!" Onse anabisa nkhope m'malaya, mapewa akugwedezeka. Ine amene pa Chipoka ponse amandidziwa kuti nthabwala siyindidutsa, ndinangoyang'ana madzi a m'besenimo.

Kwa amene simunawadziwe, Che Lajabu anali wojambula zithunzi wakalekale, wa nthawi ya filimu. Nyumba yawo ili pamsewu wotsikira kudoko. Kwa ife anali apongozi a achemwali anga a Halima, amene anakwatiwa ndi mwana wawo, a Yusufu. Ine ndinkawatcha agogo. Iwo ankanditcha kamberembere, ndipo dzina langa lenileni la Asiyatu sindikukumbuka ngati analitchulapo.

Mafoni atabwera, aliyense anasanduka wojambula, ntchito ya kamera n'kufa. Koma mafoni omwewo anawabweretsera ntchito ina. Anthu anayamba kubwera pakhonde pawo ndi zithunzi zokayikitsa. Mayi wina amutumizira chithunzi cha mwamuna wake atakoleka dzanja mkazi wa eni ku Senga Bay. Msodzi wina akufuna kugula injini ya boti imene waiona pafoni pokha. Mtsikana wina akufunsiridwa ndi mnyamata amene akuti ali ndi galimoto. Onsewo ankakhala pabenchi, kudikira mawu amodzi mwa awiri. Chithunzi choona ankachitcha chobadwa. Chabodza ankachitcha chosoka.

Kachitidwe kake kanali kamodzimodzi. Ankayamba apukuta galasi lawo lokuzira zinthu ndi m'mphepete mwa mkanjo. Kenako ankazondotsa foniyo, kumutu kukhala kumiyendo. Ankati chithunzi chikakhala chilili, munthu umacheza nacho, koma chikazondoka umachiona. Pakati sankayang'anapo msanga. Ankati pakati ndi pamene mwiniwake waika zimene akufuna kuti uone, pamene m'makona mumatsala zimene waiwala kubisa. Ankalondola mithunzi ndi chikhadabo, chifukwa dzuwa silingawale kuchokera mbali ziwiri. Akatha ankabweza foni, kutchula mawu aja, n'kufotokoza chifukwa chake mpaka mwini foni atatopa. Kufotokozako ndiye kunali ndiwo yawo. Ngakhale munthu wanyamuka, ankamulondola nako mpaka pamsewu.

Luso limeneli sanalitole m'buku. Iwo eni anasokapo kwambiri, ndipo sankabisa. Anali ndi chinsalu chachikulu chojambulidwa nyumba zosanjikizana, ndiponso telefoni yosema pamtengo wa mbawa, yopaka utoto wakuda. Anyamata a pa Chipoka amene sanapondepo ngakhale ku Lilongwe ankaima kutsogolo kwa chinsalucho, telefoni ili kukhutu, n'kutumiza chithunzi kwa makolo a chibwenzi ku Maganga. Nyengo yotsegulira usodzi pachilumba cha Mbenji ankakwera boti ndi asodzi kukawajambula. Kumeneko msodzi ankagwira kampango wamba, iwo n'kumuuza kuti atambasule mkono kulozetsa kukamera, nsombayo n'kutuluka yaitali ngati mwana wa sitandade wani. Akamakamba zimenezi ankaseka mpaka kutsokomola, koma kumapeto ankati Mulungu awakhululukire, pali mabanja ena amene anamangidwa pa telefoni yamtengo.

Ine ndi iwo tinali pankhondo kuyambira ndili fomu wani. Ndinaphunzira kusoka zithunzi pafoni ya achemwali, ndipo ndinalumbira kuti tsiku lina mkuluyu ndidzamugwetsa. Ndinaika ng'ona pamjigo wa kusukulu, ana a pulayimale osamwa madzi mpaka masana. Ndinakweza mbuzi ya a shehe padenga la sitima. Ndinaveka ahedi athu wigi ya mayi wogulitsa zitumbuwa, ndipo inawakhala bwino kuposa mwiniwake. Pa zonsezi sindinapepese, ndipo sindikuona chifukwa choyambira lero. Koma chilichonse ndikafika nacho pakhonde paja, sichinkachedwa kufa.

"Agogo, salamu aleikumu. Mwamva za ng'ona?"

"Aleikumu salamu, kamberembere. Bwera nayo ng'ona yakoyo." Kuzondotsa, kupukuta galasi, kusuzumira. "Ng'ona yanyowa, dothi lili gwa louma. Yatsika kumwamba? Chosoka. Pita ukawerenge."

"Koma ahedi anakhulupirira."

"Ahedi sanasokepo. Komanso wasiya mchira ukuyandama ngati nsanza pachingwe. Ukamanama uzilemekeza amene ukuwanamizawo."

Anali a mkangano. Anakangana ndi mng'ono wawo weniweni chaka chathunthu chifukwa cha chithunzi cha injini imene mng'onoyo ankagulitsa, atanena pamaso pa wogula kuti yapachithunziyo si imene ili m'nyumba. Anakangana ndi anyamata a kumsika kuti kujambula munthu akudya ndi chipongwe. Lachisanu ankakhala mzere wakutsogolo mumzikiti, ndipo panalibe amene ankalimbirana nawo malowo.

Miyezi yawo yomaliza sanakhalenso kutsogoloko. Ankafika mochedwa dala, kukhala kumbuyo pafupi ndi nsapato, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Galasi lija analikoleka pamsomali. Munthu akabwera ndi foni ankangoti maso anatha, pitani kwa ana asukulu. Chimene chinawasamutsa ndi kompyuta ya alamu anga.

A Yusufu anapita ku Joni mwana wawo Shakira ali kumsana. Mwanayo anayamba kuyenda, kuyankhula, mpaka kutukwana nkhuku, bambo ake osaoneka. Amalume athu, Che Twaibu, amene ndiwo mwini mbumba, anatopa. Anati ukwati wa pafoni si ukwati, Halima akadali mtsikana, ndi bwino amasulidwe. Nkhaniyo itafika ku Joni, kunabwera zithunzi. A Yusufu anati apeza ntchito pakampani yopanga makompyuta, ndipo ntchito yawo ndi kuyesa amene sanafike m'masitolo. Pachithunzipo panali laputopu imene sindinaionepo chibadwire, yopanda mabatani, galasi kumwamba, galasi kumunsi. Inali yozimitsa, akuti kuyatsa kunja kwa ofesi n'koletsedwa. Chizindikiro cha kampani chinali chomata ndi tepi yakuda, akuti n'chinsinsi. Anati Halima adikire dzinja limodzi lokha, adzabwera kudzamutenga. Anatinso asaonetse munthu aliyense zithunzizo, kuopa kuti iwo angachotsedwe ntchito.

Achemwali anaonetsa ine. Imeneyo ndi nkhani yawo ndi Mulungu wawo, chifukwa amandidziwa. Dzuwa lisanalowe zithunzizo zinali pagulu la kalasi lathu, ndipo pofika Lachinayi ngakhale amayi oyanika usipa ankakamba za kompyuta ya magalasi awiri. Kusukulu tinagawikana. Ena ankati n'zoona, makampani amabisadi katundu wawo ndipo zithunzi zotere zimatuluka mozemba, n'chifukwa chake zimaoneka zachimbuuzi. Ena ankati ngati n'zoona bwanji osayatsa, ndipo bwanji tebulo lake ndi la matabwa osapala. Oyambawo ankati munthu wojambula mobisa sasankha tebulo. Chilichonse chimene chinkasonyeza bodza, chomwecho chinkasonyezanso chinsinsi. Tinakangana mpaka kuiwala phala.

Amalume anadula nkhani. Anati zithunzizo zipite kwa Che Lajabu. Amayi anati, "Achimwene, mwaiwala kuti ndi bambo ake?" Amalume anati sanaiwale, munthu amene anayalutsa mng'ono wake chifukwa cha injini sanganame chifukwa cha mwana. Akati chobadwa, tidikira dzinjalo. Akati chosoka, ukwati watha.

Linali Lachisanu, anthu atangotuluka mumzikiti, dzuwa likuswa mtengo. Khonde linadzaza, ena anaima pansi pa mtengo wa mango, azimayi anasuzumira pampanda. Achemwali anakana kutuluka, ndiye foni ndinanyamula ndine.

"Che Lajabu," anatero amalume, "tabwera ngati mmene amabwerera aliyense. Musatione ngati achibale."

"Pakhonde pano palibe wachibale. Bweretsa, kamberembere."

Anapukuta galasi. Anazondotsa foni. Ndinkadziwa liwiro lawo, zanga ankazipha ndisanakhale n'komwe pansi. Tsiku limenelo anakhalitsa. Anayang'ana pamene magalasi awiri a kompyutayo analumikizana, n'kudutsapo msanga. Kenako anaima pagalasi lakumunsi.

"Tambasula apa."

Ndinatambasula ndi zala.

"Wonjezera."

Ntchentche inatera pamphumi pawo, osaiingitsa. Amalume anatsokomola. Mkuluyo anabweza foni osandiyang'ana.

"Chobadwa."

"Mwaonetsetsa?" anafunsa amalume.

"Ndati chobadwa."

Kumpanda kunamveka nthungululu. Anthu anawagwira chanza, ena akuti mwabereka injiniya. Panalibe amene anazindikira kuti munthu amene ankakulondola mpaka pamsewu ndi zifukwa, tsiku limenelo sanapereke ngakhale chimodzi. Analowa m'nyumba akuti mutu. Ine ndinathamangira kusukulu Lolemba ndili mlamu wake wa injiniya, ndipo amene ankatsutsa aja ndinawayimbira nyimbo.

Dzinja linabwera n'kupita. Mpunga unacha, a Yusufu osaoneka. Chakumapeto kwa Ramadani kunafika bambo wina amene amanyamula katundu wa anthu a ku Joni kubweretsa kwa abale awo. Iyeyo sankadziwa kuti kuno nkhaniyi inafika pati. Anaikamba ngati nthabwala pamalo omwera tiyi, tsiku la Idi. Anati Yusufu ndi mlonda pamalo otayirapo zipangizo zamagetsi zakufa. Kompyuta ija ndi zivundikiro ziwiri za malaputopu akufa, anazilumikiza ndi mahinjesi a kabati, n'kuzipukuta ndi mafuta ophikira kuti ziwale. Anati anyamata ogona naye anaseka mpaka kugwa.

Pa Chipoka nkhani sikwera njinga, imauluka. Sabata isanathe mawu aja anasanduka nyimbo. Munthu akavala nsapato zachinyengo, "Chobadwa!" Mkaka wothira madzi, "Chobadwa!" Mtsikana akaika tsitsi logula, anyamata pamsewu, "Chobadwa, Che Lajabu avomereza!" Ndinakuwa nawo, ndipo mawu anga ndi akuthwa kuposa a anyamata. Amalume anapita kukathetsa ukwati. Akuti mkuluyo anawalandira atavula chipewa, maso ali pansi, ndipo sanatsutse kanthu. Anthu anati ng'ala yawagwira, ukalamba ulibe ulemu. Iwo anavomera kuti inde, maso anatha.

Apa ndiye ine ndinaona mwayi. Ngati maso athadi, nkhondo yanga ndiwina tsopano. Ndinasoka chithunzi chabwino kuposa zonse, chopanda ng'ona, chopanda mbuzi. Ndinadziika ndekha ndikulandira mphoto ya masamu kwa mlendo wovala suti, ahedi akuwomba m'manja. Ndinasalaza m'mphepete monse mpaka ine ndemwe kuyamba kudzinyadira.

Ndinawapeza m'mawa akusenda chinangwa pabenchi. Anali ataonda, mkanjo ukulendewera.

"Agogo, taonani mdzukulu wanu."

"Maso anatha, kamberembere."

"Sindikuti muweruze. Ndikuti mundiyamikire." Ndinaika foni pamwendo pawo.

Anangoponyapo diso, galasi lili pamsomali, mpeni uli m'manja.

"Mthunzi wa mphuno yako ukupita kunyanja, wa mlendoyo ukupita kumtunda. Chala chake chimodzi wachidya. Komanso iwe, mphoto ya masamu? Choso..."

Anaima pakati pa mawu. Tinayang'anizana. Nkhuku inatola khoko la chinangwa pakati pa miyendo yawo n'kuthawa nalo.

"Agogo," ndinatero, "maso anu ali bwinobwino."

Anaika mpeni m'mbale, n'kundifunsa ngati zithunzi za alamu anga ndikadali nazo. Ndinali nazo. Anandituma kuti nditenge galasi pamsomali paja, chinthu chimene sankalola munthu kuchigwira.

"Zondotsa. Siya kompyutayo. Yang'ana m'galasi lakumunsi, pakona."

Galasi lozimitsa limakhala ngati kalilole wakuda. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako zinthu zinayamba kutuluka. Khoma la malata, mipata yake yotseka ndi nyuzipepala. Matiresi opyapyala ondandalika pansi, ogundana, opanda malo opondapo. Kapoto kamodzi. Ndipo kutsogolo kwa zonsezo, dzanja logwira foni. Mkono wake unali wowonda ngati wanga. Pachala chachikulu panali chipsera.

"Mbedza imeneyo," anatero. "Ali mwana. Ndinaichotsa ndine ndi lezala, akulira ngati mbuzi."

"Ndiye munadziwa."

"Mahinjesi ndinawaona foni ikadali m'manja mwako. A kabati. Wina wayamba dzimbiri. Kompyutayo ndi yosoka, ngakhale iwe ukanasoka bwino. Koma dzanjalo ndi lobadwa. Ndinalibereka ndine." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Anachoka pano ali ndi mikono yokoka khoka. Khonde litadzaza chonchija, ndikanati chiyani?"

Ndinafuna kunena kanthu kabwino, koma pakamwa panga sipanazolowere. Ndinati, "Munachita bwino, agogo."

"Khala chete. Ndinachita zoipa. Amalume ako anabwera kwa ine chifukwa sindinama, ine n'kutenga chikhulupiriro chawocho kuphimbira mwana wanga. Ndinaba dzinja lathunthu la Halima. Mwana wa eni ankadzuka m'mawa kusesa pakhomo akuti mwina lero. Ndipo Yusufu kusoka anaphunzira kuti? Ankandigwirira chinsalu icho ali wamng'ono, anthu akuimbira telefoni yamtengo."

"Ndiwauze anthu kuti maso anu sanafe?"

"Ukawauza kuti ndinaona, afunsa kuti ndinaona chiyani. Ulonda akuudziwa, zimenezo zikwanire. Matiresiwo ndi mkonowo si za pamalo omwera tiyi. Aleke aziseka nkhalamba." Anatenganso mpeni. "Halima yekha umuuze. Umuuze kuti sindinapusitsidwe, ndinamunamiza. Asandimvere chisoni."

Ndinabwerera kunyumba ndikudutsa kuseri, kuopa kukumana ndi anyamata amene ndinkakuwa nawo. Achemwali ndinawapeza akupeta mpunga. Ndinawauza zonse. Sanasiye kupeta. Mankhusu ankauluka. Ndinaganiza kuti sanamve, mpaka anati, "Mkono wake waonda bwanji?" Ndinawasonyeza wanga. Sanafunsenso. Kwa agogowo sanapiteko mpaka tsiku la maliro, ndipo sindikuwadzudzula. Koma kuyambira mawa lake, masana aliwonse Shakira ankatsika msewu wa kudoko atasenza kambale kovundikira, ndipo kankabwerako kotsukatsuka.

Ine ndinasiya kukuwa mawu aja. Anzanga anati ndakula, ena anati ndikudwala. Kusoka sindinasiye ayi, mwezi wathawu ndinakwatitsa aphunzitsi awiri amene sayankhulana. Koma pakhonde paja sindinapitenso ndi chosoka. Ndinkangopita kukasenda nawo chinangwa, iwo n'kumandinyoza kuti ndimasenda ngati ndikulanga chinangwacho. Pamene anyamata odutsa ankakuwa kumsewu, iwo ankangoweramitsa mutu, khutu langa n'kumatentha ngati munthu wandimenya mbama.

Anamwalira m'mawa wina kukuzizira, mwera ukuwomba. A Yusufu sanabwere kumaliro, mapepala awo si olongosoka, akatuluka sangalowenso. Dzulo, anthu akutsuka miphika ya sadaka, foni ya achemwali inalira. Chinali chithunzi chochokera ku Joni, chopanda mawu. Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa. A Yusufu anaima m'kachipinda ka malata kaja atavala yunifolomu ya ulonda yowakulira, matiresi ali poyera, kapoto kali poyera, maso ali ofiira. Sanabise kanthu. N'chifukwa chake nanenso ndalemba izi osabisa.

Miyendo inanditengera yokha kumsewu wa kudoko. Benchi likadalipo, mbali imene ankakhala ndi yosalala kuposa inayo. Chinsalu cha nyumba zosanjikizana anachiyala pabwalo, ayanikapo mpunga, ndipo nkhuku zikuyenda pamwamba pa mawindo. Telefoni yamtengo akutsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Galasi lili pamsomali pake, lachita fumbi, palibe amene walimba mtima kulichotsa. Ndili pomwepo panafika mayi wina wochokera ku Maganga, njinga ili m'manja, foni atakulunga pansonga ya chitenje. Anafunsa ngati pano ndi pamene pamakhala mkulu woona zithunzi. Ndinamuuza kuti ndi pano, koma wachedwa. Anayang'ana benchilo, n'kutembenuza njinga.

Ndinatsitsa galasi, kulipukuta ndi mpango wanga, n'kuzondotsa foni ya achemwali. Ndinayamba m'makona. Mithunzi yonse inkapita mbali imodzi. Mawu ake ndinkawadziwa, koma pakhonde pamenepo sanafune kutuluka pakamwa panga. Ndinabweza galasi pamsomali, likugwedezeka pang'ono, n'kukhala mbali ya benchi yokhakhala ija.